Dzina la chipangizo palokha silimaliza yankho

Ophunzira ambiri a Fomu 4 amaloweza mayina a zipangizo za ndakatulo ngati zogula za kumsika: chifanifani, umunthu, mvekero, chibwereza. Pa mayeso a MANEB amalemba kuti "mlakatuli wagwiritsa ntchito chifanifani" n'kulekera pomwepo. Yankho lokwanira limakhala pa mafuwa atatu. Tchulani chipangizo, tsitsani mawu enieni a m'ndakatulomo, kenaka nenani ntchito yomwe mawuwo agwira pamenepo. Fuwa lachitatuli ndi lomwe limasowa kawirikawiri.

Taonani mzere uwu: "Chilwa yaphwa ngati bere la nkhalamba." Ichi ndi chifanifani cha ntchedzero chifukwa nyanja yayerekezedwa ndi bere kudzera mwa mawu oti "ngati". Ntchito yake nayi: bere limayamwitsa, ndiye mlakatuli akuti nyanja yomwe inkadyetsa asodzi a ku Kachulu matemba ilibenso chopereka. Wina akalemba kuti "Likangala ndi mbala ya usiku", wachotsa ntchedzero, ndipo mtsinjewo wasanduka mbala yeniyeni yolowa m'minda anthu ali m'tulo. Chifanifani chopanda ntchedzero chimamenya mwamphamvu chifukwa sichipatsa wowerenga mpata wokana.

Apa pali mbuna. Si "ngati" aliyense amene amabala chifanifani. Mu chiganizo choti "ngati mvula igwa tidzala" palibe zinthu ziwiri zoyerekezedwa. Chimodzimodzi "akuoneka ngati wadwala", uku n'kuganizira chabe. Musanalembe, lozani zinthu ziwirizo ndi chala. Zikasowa, chifanifani palibe.

Umunthu suvuta: chinthu chosakhala munthu chachita za munthu, monga "phiri la Zomba lafunda chilundu cha nkhungu." Mvekero ndiye amaupeputsa. Ambiri amati ndi mawu otsanzira phokoso, koma "zii" ndi kusowa kwa phokoso, "bii" ndi mdima, "psuu" ndi kufiira, "nyomi" ndi kayendedwe. Mukalemba za mvekero nenani chiwalo chomwe wakhudza, kaya ndi khutu, diso kapena khungu, chifukwa ndi momwe chithunzithunzi chimabadwira m'mutu mwa wowerenga.

Chibwereza chimafuna kuchenjera kwapadera m'Chichewa. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi "a", kotero kufanana kwa mathero a mizere nthawi zina kumangochitika kokha. Mgwirizano wa mayina nawo umabweretsa chibwereza chosaitanidwa: "chitsa chachikulu chija chagwa" ndi malamulo a chiyankhulo, si luso ayi. Chibwereza choyenera kuchilemba ndi chomwe mlakatuli akadatha kuchipewa koma wachisankha, monga ndime zitatu zonse kuyamba ndi "Amayi, musalire." Pamenepo funsani kuti mawuwo akusintha bwanji tanthauzo ulendo uliwonse. Koyamba akhoza kukhala otonthoza, kachitatu n'kukhala otsanzika.

Mawu omwewo a "Amayi" akutithandiza pa funso lina lomwe limagwetsa anthu: woyankhula ndi woyankhulidwa. Woyankhula si mlakatuli. Bambo wa zaka 60 akhoza kulemba ndakatulo yomwe akulira ndi mtsikana wamasiye. Sakani m'aneni, "ndi-" kapena "ti-" akuloza woyankhula, "u-" kapena "mu-" akuloza woyankhulidwa, ndipo mawu oitanira monga "mwanawe" kapena "achimwene" amaulula ubale wawo.

Chizindikiro, chinthu choimira ganizo lina lobisika, ndiye chipangizo chomwe anthu a ku Zomba ayenera kuchimva msanga. Mu Disembala 1946 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri n'kuwononga tawuni, anthu n'kumati wadutsa Napolo. Steve Chimombo, yemwe adaphunzitsa ku Chancellor College, adatenga Napolo uja n'kumuika m'ndakatulo zake ngati mphamvu yowononga yomwe anthu amaopa kuitchula. Mlakatuli Jack Mapanje adasankha nanzikambe, nyama yosintha khungu kuti ipulumuke. Alembi a nthawi ya chipani chimodzi ankabisa mawu motero chifukwa zolemba zinkadutsa m'manja mwa bungwe lounika mabuku, ndipo kubisako sikudamuteteze Mapanje mpaka kalekale: adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Komabe musasandutse chilichonse chizindikiro. Mbuzi yotchulidwa kamodzi ndi mbuzi basi. Ikamabwerabwera pamalo ofunika, ndiye ikaikireni.

Ku nkhani zopeka vuto lalikulu ndi kusokoneza tsatanetsatane wa nkhani ndi mfundo yaikulu. Funso likafuna mfundo, ambiri amayamba kusimba nkhani yonse kuchokera pachiyambi mpaka tsamba kudzaza. Tsatanetsatane ndi zochitika m'ndondomeko yake: chiyambi, kusamvana, pampondachimera, mathero. Mfundo ndi zomwe zochitikazo zikunena za moyo, ndipo liwu limodzi ngati "umphawi" silikwana. Lembani chiganizo chathunthu, monga "umphawi ukukakamiza makolo kukwatiwitsa ana aang'ono", kenaka chochitika chimodzi kapena ziwiri zochitira umboni. Khalidwe la mpangankhani, munthu wa m'nkhanimo, nalo limafuna umboni womwewo. Kunena kuti ndi wadyera osasonyeza pomwe walanda munda wa mlamu wake ndi miseche chabe.

Malo ndi nthawi mlembi samazitchula poyera nthawi zonse, mumazitola m'tinthu ting'onoting'ono. Ampangankhani akamagula ndi mapaundi ndi masheleni, nkhaniyo ndi ya chaka cha 1971 chisanafike, pomwe kwacha idayamba. Akamati akupita ku likulu n'kukwera basi ya ku Zomba, ndi 1975 isanakwane. Wina akatumiza ndalama pa foni, ndi zaka zaposachedwa.

Wofotokoza nkhani mumuyese ndi funso limodzi: akudziwa zochuluka bwanji? Amene akuti "ndidapita" amangoona zomwe maso ake aona, sangalowe mumtima mwa mnzake, ndipo akhoza kunama kapena kulakwitsa. Amene ali kunja kwa nkhani akhoza kutilowetsa m'maganizo a mpangankhani aliyense. Ngati wofotokozayo ndi mwana amene akusimba kuti bambo ake amapita "kuntchito ya usiku" n'kubwera ndi mbuzi m'bandakucha, wowerenga wadziwa kale zomwe mwanayo sakudziwa, ndipo mpata umenewo ndi womwe muulembe m'yankho lanu.