Injini ya alamu inandivula ulemu ku Chibavi

Ku Mzuzu kulibe nyanja. Zimenezi ndimazidziwa bwinobwino, koma sabata ina ya mwezi wa June aliyense wodutsa pakhomo panga ku Chibavi ankaima n'kundikumbutsa, ngati kuti ndangotsika basi dzulo lake.

Ine ndimakonza njinga zamoto. Anyamata a kabaza a pa Katoto amanditchula kuti dokotala, ndipo dzinali linandikwera kumutu. Ndiye alamu anga a ku Nkhata Bay atadandaula pa foni kuti injini ya boti lawo la usipa ikumazima pakati pa nyanja, ndinawayankha ndikutafuna chimanga chootcha: "Alamu, injini ndi injini. Itumizeni kuno, Loweruka mudzaitenge." Mawa lake inafika pa minibasi, yokulungidwa m'thumba lonunkha nsomba: Yamaha ya mphamvu ya mahosipawa 15, yolemera makilo oposa 35, pamodzi ndi thanki yake yofiira ndi paipi ya mafuta yokhala ndi kampira kopopera pakati.

Injini ya boti sungailize pouma. Imazizira ndi madzi amene imayamwa pansi, ndipo mukailiza popanda madzi kampira ka pampu kamapsa nthawi yomweyo. Choncho ndinabwereka diramu kwa mayi wina wophika kachasu, n'kuidzaza madzi a pampopi, mayi a kunyumba akuwerenga ndowa iliyonse mokweza. Ndinakhoma thabwa, n'kupachika injini mwendo uli m'madzi.

Vuto lenileni ndinalipeza tsiku loyamba lomwelo, ndipo apa mundipatseko ulemu wanga. M'kapu ya sefa munali madzi ndi zinyalala, ndipo pansi pa kabureta panali matope ofiirira. Si zachilendo. Mafuta akasowa asodzi amagula a m'zigubu, ndipo petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, amene amakoka chinyezi akakhalitsa. Ndinatsuka zonse, ndinapopera jeti mpaka kuwala kunaoneka mbali inayo, ndinakhuthula thanki. Kenako ndinakaima pamzere kufilingi, n'kuidzaza mpaka pakamwa, malita 25 a petulo ndi theka la lita ya oilo wa two-stroke, monga mwa muyeso wa 50 kwa 1. Nditakoka chingwe kawiri inalira, n'kuyamba kukodza kamtsinje kake ka madzi kumbuyo. Ana a m'mudadada wonse anaombera m'manja.

Usiku umenewo thanki inagona m'nyumba, poopa akuba. Pakati pa usiku ndinamva chigongono m'nthiti. "Bambo a mwana, mukufuna tife? Nyumba yonse petulo yekhayekha." Ndinadzuka ndi tulo m'maso, n'kupeza kuti fungo likutulukira pa kasikuluwu kakang'ono kamene kali pamwamba pa chitsekerero. Ndinakamanga ndi mphamvu zonse, mpaka ndinawonjezera ndi pulayazi. Fungo linatha. Ndinagona ngati munthu amene wathetsa vuto.

M'mawa ndinaitana aneba kuti adzaone ntchito ya manja anga. Injini inalira mokoma mphindi zingapo, kenako inayamba kutsokomola, mawu n'kumatsika, mpaka inangoti zii. Ndinakoka chingwe. Ndinakokanso. Ndinakoka mpaka phewa linatentha m'chisanu cha Mzuzu chija. Bambo wina amene sanakwerepo ngakhale bwato anati, "Yaona kuti kuno si kwawo. Ikufuna fungo la usipa."

Ndinaweruza kuti ndi mapulagi. Ndinapita m'tauni kukagula atsopano. Nditawamanga ndinatsegula thanki kusuzumira ngati mafuta alimo okwanira, n'kutsekanso bwinobwino. Kukoka kamodzi, yalira! Ndinawaimbira alamu nthawi yomweyo, foni n'kuiyandikiza ku injini kuti amve okha. Tisanamalize kupatsana moni inazima.

Tsiku lotsatira mlandu unagwera pampu ya mafuta. Ndinaitsegula, ndipo kachikopa kake kanali kabwinobwino, kopanda ming'alu, koma ndinakasinthabe popeza ndinali nditagula kale. Ndinasuzumira m'thanki, n'kutseka, n'kukoka. Inalira. Chifukwa cha chimwemwe ndinalowetsa giya kuti anthu aone mphamvu. Abale, pulopela m'diramu si yoseweretsa. Madzi anakwera m'mwamba n'kutsikira pa ine, pa nkhuku, ndi pa zovala za mayi a kunyumba zimene zinali zitatenga masiku atatu kuti ziume. Madzi ake a oilo. Ndisanapeze pozimitsira, inazima yokha.

Pofika Lachisanu kabureta ndinali nditaimasula kanayi. Kasipuling'i kena kanadumphira m'matope, ndipo ndinalemba ana aganyu asanu kuti akafunefune, malipiro ake mandasi. Kampira kopopera kaja ndinkakaona kali phwatalala, kosafufuma ndikakasiya, koma ndinkati n'kokalamba. Ndinagula kena. Pokamanga ndinakatembenuza, muvi wake n'kuloza kuthanki m'malo moloza ku injini, ndipo ola lathunthu ndinkapopera mafuta kuwabwezera komwe achokera. Mayi wa diramu naye anabwera kudzafunsa ngati ndikufuna kuigula, popeza makasitomala ake ali ndi ludzu.

Loweruka alamu sanabwere okha. Anatenganso mnyamata wawo wopalasa, wa zaka mwina 15, wovala mapatapata osiyana mitundu. Ndinayamba kufotokoza mwaukadaulo kuti injini imeneyi ili ndi matenda ovuta a mkati, ndipo mwina tiganize zotsegula mutu. Alamu ankangogwedeza mutu wawo, nkhope ikugwa. Ndinailiza kuti aone okha. Inalira, inatsokomola, inazima, monga mwa pangano.

Mnyamata uja injini sanaiyang'ane n'komwe. Ananjuta pambali pa thanki, n'kupapasa nthiti zake zimene zinali zitalowa mkati ngati galu wanjala. Anafinya kampira, kanakhala kophwa. Anayesa kupotokola kasikuluwu ka pachitsekerero ndi zala, kanakana.

"Ankolo, mundibwerekeko pulayazi."

Atangokamasula, thanki inati fyuuu, kupuma ngati munthu amene wavuuka m'madzi, nthiti zake n'kubwerera "pho!" Kampira kanafufuma kokha. Anapopa katatu mpaka kanalimba, anakoka chingwe ndi dzanja limodzi, ndipo injini inalira. Inalira mphindi khumi. Inalira theka la ola. Aneba amene anabwera kudzaonera kuzima anayamba kubalalika mokhumudwa.

"Mafuta akamatuluka, mpweya uzilowa," anatero mnyamatayo, mwaulemu wopweteka. "Mukatseka apa, pampu imakoka koma thanki siilola, makamaka ikadzaza chonchi. Kampira kakaphwa, vuto lili kuthanki. Kakamakana kulimba, paipi ikuyamwa mpweya penapake. Injini ikamadzuka mukapopa, imeneyo ndiye pampu." Apa m'pamene ndinazindikira chifukwa chake chitsulo chilichonse chatsopano chinkachiza kwa mphindi zochepa. Wochiza anali ine posuzumira m'thanki muja.

Alamu anafunsa kuti wamanga chonchi ndani. Ndinati mwina ndi anyamata a minibasi, mukudziwa mmene amagwirira katundu. Mayi a kunyumba anali pakhonde akuchapa zovala zija kachiwiri. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Minibasi yake ija inalowa kuchipinda usiku itavala kabudula?"

Alamu anandisiyira kabeseni ka usipa, ndalama za zitsulo sanazitchule, ndipo ine sindinaziyambitse. Pa Katoto nkhani inafika ine ndisanafike. Lolemba mnyamata wa kabaza anabwera ndi njinga yake, n'kundifunsa kuti atsegule yekha thanki kapena adikire mwana wa ku Nkhata Bay.