Masiwiti tinawachotsa pakauntala popanda wotikakamiza

Shopu yathu ili ku Leicester, ku England, m'kamsewu kena kopatuka pa Narborough Road, ndipo ndi yaing'ono moti makasitomala akachulukana wina amadikira pakhomo. Tinaiyamba ine ndi bambo akunyumba zaka zingapo Covid isanabwere. Nthawi imeneyo ine ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, iwo akuyendetsa galimoto yonyamula katundu. Munthu akamachokera kumudzi tinkamupempha kuti atitengereko usipa, Nali, tiyi wa Chombe ndi mpunga wa Kilombero, kenako n'kumagawana ndi anzathu a kutchalitchi. Ofuna atachuluka kuposa zomwe sutikesi ingasenze, tinalowa chipereganyu, tinabwereka kwa alamu anga, n'kupeza kachipinda aka.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti ufa subweretsa phindu lolipirira lendi. Thumba la ufa ndi lolemera, limadya malo, ndipo mayi akaligula sabweranso msanga. Ndalama ya tsiku ndi tsiku inkachokera pakauntala: masiwiti, chokoleti, mabisiketi, ndi zoziziritsa kukhosi za mufiriji yomwe inali pafupi ndi chitseko. Mkulu wina wa komwe tinkaodako katundu anatilangiza mwachifundo ndithu kuti zotsekemera tiziika m'munsi, pomwe maso a mwana amafika, ndipo tisaiwale kakadi kolemba kuti ziwiri pa mtengo wakuti. Tinamvera. Ikakwana 3 koloko masana ana akuweruka kusukulu, kachipinda kathu kankadzaza, ndipo madzulo potseka ndinkathokoza Mulungu.

Boma la kuno linalowerera nkhani za shuga mu Epulo 2018, pomwe linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera: 18p (mapeni 18) pa lita ngati chakumwacho chili ndi shuga woyambira magalamu 5 pa mamililita 100 aliwonse, ndi 24p akafika magalamu 8. Makampani ambiri, monga opanga Ribena, Lucozade ndi Irn-Bru, anachepetsa shuga m'zakumwa zawo kuti msonkhowo usawakhudze. Makasitomala ankabwera kudzandidandaulira ine kuti kukoma kwasintha, ngati kuti ndine ndimafulula. Ndinkagwirizana nawo.

Kenako mu Julayi 2020, mzinda wathu uli wotsekedwa pawokha chifukwa cha Covid pomwe madera ena anali atayamba kumasuka, a Boris Johnson, omwe anali nduna yaikulu ya dziko lino, analengeza ndondomeko yolimbana ndi kunenepa kwambiri. Iwowo anali atagonekedwa pachipatala cha St Thomas' mu Epulo chaka chomwecho, ali kayakaya, ndipo atatuluka anavomera poyera kuti thupi linali litawakulira. Pagulu lathu la WhatsApp la Amalawi nkhaniyi inavuta. Alamu anga, omwe aja anatibwereka ndalama, analemba kuti: "Kumudzi Fanta tinkamwa pa Khirisimasi pokha, botolo limodzi ana atatu. Lero Mulungu watidalitsa, ndiye boma lizitiwerengera makapu?" Ine ndinawaombera m'manja. Ndinkati boma likonze misewu ndi zipatala, m'mbale mwanga lisalowemo.

Muyenera kumvetsa komwe mawu amenewo ankachokera. Ife tinakula kunenepa kuli ulemu. Munthu akakuuza kuti "mwanenepatu mayi", ndiye kuti akukuyamikira kuti pakhomo pali mtendere ndipo bambo akukusamala. Komanso tinadutsa zaka zija za maliro otsatizana, pomwe munthu akayamba kuwonda anthu ankanong'onezana kumbali. Ambiri a msinkhu wanga mantha a kuwonda sanatichoke mpaka pano. Ndiye mzungu wovala suti akaima pa TV n'kumati tichepetse thupi, mawuwo amagwera pa chilonda chomwe iye sakuchidziwa.

Lamulo lenileni linayamba kugwira ntchito ku England pa 1 Okutobala 2022. Linati zakudya zochuluka mafuta, mchere kapena shuga zisamaikidwe pakhomo polowera, kumapeto kwa mizere ya mashelefu, kapena pasanathe mamita awiri kuchokera polipirira. Kuti chakudya chigwe m'gulu limeneli amachiwerengera mapointi, shuga, mchere ndi mafuta mbali ino, zipatso, masamba ndi mtedza mbali inayo. Wokana kukonza atachenjezedwa ndi akhonsolo akhoza kulipitsidwa mapaundi 2,500. Mwana wathu wamkazi anatiwerengera zonsezi pafoni usiku wina titatseka, ndipo atafika pena anaima n'kuseka. Lamulolo limakhudza mabizinesi a antchito 50 kapena kuposa, ndipo za kaikidwe ka katundu ndi za mashopu okula kupitirira masikweya mita 185.8. Ife tilipo anayi, kuwerengera ndi mwanayo Loweruka. Silinatikhudze m'pang'ono pomwe.

Ndinakondwa, sindinama. Ndinaganiza kuti masupamaketi akabisa chokoleti kumbuyo, ana adzathamangira kwa ife, ndipo ndinawonjezera shelefu ina pakauntala.

Patapita miyezi, bambo anayamba kudandaula ludzu losatha ndi kutopa. Usiku ankadzuka kangapo. Ankati ndi ntchito, ine ndinkati ndi ukalamba, mpaka tsiku lina anandiuza kuti manambala a pamalisiti akuoneka mbuu. Atawayeza magazi anawapeza ndi matenda a shuga, a mtundu wachiwiri. Namwino yemwe anatikhazika pansi anatiuza zomwe ndinali ndisanamvepo: kuti anthu akuda ochokera ku Africa ndi amwenye matendawa amatigwira msanga, chiopsezo chimayamba kukwera munthu ali ndi zaka 25, pomwe kwa azungu amawerengera kuyambira 40. Anati munthu wamkulu asapitirire magalamu 30 a shuga wothira patsiku, mwana wa zaka 7 mpaka 10 magalamu 24. Nditabwerera kushopu ndinatsegula firiji n'kutembenuza chitini chimodzi cha zomwe zimayenda malonda kwambiri. Chinalembedwa magalamu 35. Chitini chimodzi.

Usiku umenewo bambo ananena mawu omwe anasintha maganizo anga kuposa zonse za namwino. Anati: "Mayi, inetu palibe tsiku lomwe ndinadzuka n'kunena kuti lero ndimwa zitini zitatu. Firiji ili apa, mpando uli apa. Dzanja limangopita lokha."

Ndinayamba kuyang'ana kauntala yanga ndi maso ena. Pali mayi wina wa ku Zambia yemwe amabwera akuweruka ntchito ya usiku, maso ali psuu, atatenga kamwana kake ka zaka zinayi. Amadzagula ufa ndi kapenta. Akafika polipira, kamwanako kagwira kale paketi ya masiwiti, chifukwa ili pomwe dzanja lake limafika. Mayi akuti bweza, mwana wayamba kulira, kumbuyo kuli mzere, mayi watopa, walipira. Ndinaona zimenezi kambirimbiri ndipo ndinkati mayiyo wasankha yekha. Koma pakhomo analowa asakuganiza za masiwiti. Amene anasankha ndine, tsiku lomwe ndinakhoma shelefu ija m'munsi. Ufulu wosankha womwe ndinkauteteza pa WhatsApp ndinkaulanda ndekha kwa mlongo wanga wotopa, n'kulandirapo ndalama.

Mbali ina ya lamuloli, yoletsa zija zoti gula chimodzi utenge china chaulere, inachedwa kwambiri. Boma linaikankhira kutsogolo mu Meyi 2022 ponena kuti zinthu zakwera mtengo, ndipo wophika wotchuka uja Jamie Oliver anakachita zionetsero ku Downing Street, komwe kumakhala nduna yaikulu. Mu Juni 2023 a Rishi Sunak, nduna yaikulu ya nthawiyo, anaikankhanso, ponena za kukwera kwa zinthu ndi ufulu wa anthu wosankha okha. Inayamba pa 1 Okutobala 2025, ndipo mu Januwale 2026 kunabwera choletsa kutsatsa zakudya zoterezi pa TV isanakwane 9 koloko usiku, komanso kutsatsa kolipira pa intaneti.

Alamu anga amati gula chimodzi utenge china ndi banyira basi, ngati wa kumsika wa ku Lizulu. Ine ndimakana. Banyira amabwera malonda atatha. Wagula mulu wako wa tomato, wogulitsa wakuyang'ana, wakuponyera awiri m'jumbo kuti mawa umukumbukire. Sunabwere chifukwa cha awiriwo, ndipo sanakugulitse zomwe sunafune. Izi zakunozi zimakugwira usanaganize. Unabwera kudzagula mkaka, chikwangwani chachikasu chakuitana, watuluka ndi mapaketi awiri a mabisiketi omwe sanali m'mutu mwako, ndipo sakhala sabata ziwiri m'kabati ngati momwe unadzinamizira. Amatha Lachitatu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Koma sindinganene kuti otsutsa lamuloli alibe mfundo, chifukwa ndimakumana nawo tsiku lililonse. Bambo wina wa ana anayi anandifunsa kuti, "Asisi, boma lachotsa zotchipa, chabwino. Nanga therere latsika mtengo?" Ndinasowa choyankha, poti therere lomwe ndimagulitsa limabwera pandege ndipo mtengo wake ndimachita nawo manyazi. Paketi ya mabisiketi ndi yotchipa kuposa mapapaya kapena mapeyala, ndipo siwola. Kuli thandizo la boma lotchedwa Healthy Start, lomwe kuyambira 2021 linali mapaundi 4.25 pasabata ogulira mkaka, zipatso ndi masamba kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Koma makasitomala anga ambiri anabwera pa ziphaso za ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, ndipo ziphaso zimenezo zimawaletsa kulandira thandizo la boma. Munthu wogwira maola khumi ndi awiri, wokhala m'chipinda chimodzi, khitchini yogawana ndi anthu asanu, sungamuuze kuti aziphika nyemba maola atatu. Apa boma linagwira pofewa. Kusuntha chokoleti sikulidyera ndalama, koma kutsitsa mtengo wa ndiwo kukanalidyera, ndipo pamenepo lili chete. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Ife tinachita zomwe tikanatha m'kachipinda kathu. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi tinazula shelefu ya m'munsi ija. Masiwiti ndi chokoleti tinazipititsa kumbuyo, m'mwamba, pafupi ndi sopo. Makadi a ziwiri pa mtengo wakuti tinawang'amba. Pakauntala tinaikapo mtedza wokazinga m'timapaketi, nthochi, ndi dengu la mbatata. Palibe chomwe tinasiya kugulitsa. Sobo alipo, ndipo mandasi ndimakazingabe Loweruka lililonse m'mawa, chifukwa munthu wochoka ku Ndirande kapena ku Kawale akaluma mandasi otentha m'dziko lozizira lino amapeza china choposa chakudya. Wofuna amayenda masitepe asanu n'kukatenga. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amapita yekha.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Ana asukulu anasamukira kushopu ina ya pakona, ndipo 3 koloko inkadutsa muli zii. Tinakangana ndi bambo kangapo, iwo omwe odwalawo ndi amene ankati tibwezeretse, poti lendi sadziwa za shuga. Chinatipulumutsa ndi masamba. Tinapeza mlimi wina wa ku Zimbabwe yemwe amalima kunja kwa mzinda, ndipo m'chilimwe amatibweretsera repu, nkhwani ndi chimanga choyera chachiwisi. Tsiku lomwe chimanga chafika uthenga umayenda pa mafoni, anthu amachokera ku Nottingham ndi ku Coventry. Tinayambanso kuoda mgaiwa wambiri. Poyamba anthu ankaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera komweko, koma odwala shuga ndi BP m'dera lathu ndi ambiri kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo amauzana. Bambo nawo anazolowera, mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ndiwo zamasamba zambiri. Banyira timaperekabe, koma ndi wa tomato ndi anyezi.

Cholakwa chimodzi ndinachita, ndipo ndimachikumbukira ndi chisoni. Mantha a matenda a bambo adakali atsopano, agogo ena anabweretsa pakauntala mabotolo awiri a Sobo ndi shuga wa makilogalamu awiri. Ndinayamba kuwalalikira za magalamu, pamaso pa anthu. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Mwanangu, ndili ndi alendo a chinkhoswe." Analipira, ndipo sanabwerenso kwa nthawi yaitali. Ndinachita kupita kunyumba kwawo kukapepesa. Kuyambira pamenepo pakamwa panga ndi potseka pokhapokha munthu atafunsa yekha. Mzimayi wamkulu amadziwa za pakhomo pake kuposa ine. Gawo langa ndi mashelefu anga, ndi kusamutchera msampha.

Mayi wa ku Zambia uja amabwerabe. Kamwana kaja kakula, kali kusukulu, ndipo masiku ena mayi ake amakauza kuti kakatenge chokoleti chimodzi kumbuyo chifukwa kakhoza mayeso. Masiku ena amatuluka ndi ufa ndi kapenta basi, popanda kulira. Alamu anga sanasinthe maganizo, amati ndinagonjera azungu, koma ngongole yawo tinamaliza kubweza ndipo Loweruka salephera kudzatenga mandasi.

Yatsala ndi firiji. Ikadali pafupi ndi chitseko, chifukwa soketi ya magetsi yolimba ili pomwepo ndipo kuisuntha kukufuna waya watsopano ndi chilolezo cha eni nyumba. Pakadali pano tinangosintha m'kati mwake: madzi ndi zopanda shuga pamashelefu a pakati, zotsekemera pansi penipeni. Mpando wa bambo tinausamutsira mbali inayo ya kauntala. Ine ndikufuna chaka chino tiitane wamagetsi, iwo akuti tidikire tione kaye ngati lendi ikwera mu Epulo.