Lipoti la Ulendo Wathu wa ku York

Popeza pagulu pathu pakumveka nkhani zosiyanasiyana za ulendo wa ku York, mzinda wa ku England, ndaona kuti ndilembe zimene ndinaona ndi maso anga, makamaka nkhani ya nsanja imene ena akuithira mchere wambiri.

Titatsika sitima yochokera ku Leeds, wotionetsa malo anatifotokozera kuti Aroma anakhazikitsa mzindawu m'chaka cha 71 pamene mitsinje ya Ouse ndi Foss imakumana, nautcha Eboracum, kuti Constantine analengezedwa kukhala mfumu ya Aroma komweko mu 306, ndiponso kuti ma Viking, ankhondo ochokera ku Scandinavia, anaulanda mu 866 n'kumautcha Jorvik. Atanena kuti tchalitchi cha York Minster chinamangidwa kuyambira cha m'ma 1220 mpaka 1472, alembi athu anapempha kuti komiti yathu ya zomangamanga isadzudzulidwenso, chifukwa yangochedwa zaka zitatu zokha.

Nsanja ya tchalitchicho ili ndi masitepe 275, opapatiza ndi ozungulira, moti munthu ukayamba kukwera, kubwerera kumavuta chifukwa cha anzako amene ali pambuyo. A tcheyamani, amene m'sitima monse anatisimbira za mmene anakwerera Sapitwa ali mnyamata, ndiwo anatsogola. Tisanafike n'komwe pakati anavula jekete, kenaka anaima n'kulengeza kuti akuyang'anitsitsa luso la amisiri akale, ngakhale kuti nkhope yawo inali itagunda khoma ndipo thukuta linali kamukamu. Mayi msungichuma ndiwo anayamba kufika pamwamba, chikwama cha ndalama chili kukhwapa. Komabe ndikuchitira umboni kuti a tcheyamani anafika ndi miyendo yawo, ndipo amene akufalitsa zoti anachita kunyamulidwa asiye.

Nkhomaliro tinadyera ku Museum Gardens, pafupi ndi mabwinja a St Mary's Abbey. Apa m'pamene zinadziwika kuti mpunga unabwera miphika iwiri koma nkhuku inatsala mufiriji, poti aliyense mwa amayi awiri okonza chakudya ankayesa kuti mnzake watenga. Mkangano unatha pamene agogo athu anatulutsa kapenta wokazinga m'chikwama mwawo, amene amati sayenda popanda iye.

Tikuthokoza agogo chifukwa cha kapentayo, achinyamata amene ananyamula miphika pamwamba pa linga la mzindawo osadandaula, ndi alamu athu ojambula, ngakhale kuti chala chawo chikuoneka pafupifupi pa chithunzi chilichonse. Amene sanamalize ndalama ya tikiti aonane ndi mayi msungichuma Lamulungu likubwerali.