Agogo a mu minibasi ya ku Zomba

Ulendo wa pa M3 kuchoka ku Limbe kudutsa pa Namadzi ndi Thondwe sulephera macheza, koma adzulo anandikhudza heve. Ndinakhala ndi agogo ena, jekete lakale koma lositasita bwino, anali phee njira yonse mpaka titafika pa chipilala chija cha asilikali a KAR (King's African Rifles, a nthawi ya atsamunda), pafupi ndi Cobbe Barracks. Anangovula chipewa basi.

Nditawafunsa anati bambo awo anakamenya nkhondo ku Burma, ija ya 1939 mpaka 1945, ndipo iwonso anali msilikali, analondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique nthawi ya Renamo. Koma abale kafotokozedwe kake, osadzitama olo pang'ono, amangoti "inali ntchito ya dziko mwanangu, anzathu ena sanabwerere".

Zimandiwawa kuti anthu oterewa timawakumbukira mu Novembala mokha tikavala kaduwa kofiira kaja, kenako ziii chaka chonse, chonsecho ku Memorial Home, kosungirako asilikali akale konkuno ku Zomba, achikulire alipo ndithu. Loweruka ndikukawaona, ndinyamula shuga ndi sopo. Anzanga a ku Chinamwali ndi Matawale tiyeni tipitire limodzi.