Umboni unali mutu wanga

Pabizinesi yathu ya zitsulo zokongoletsera nyumba, bambo amawotcherera, achimwene amadula ndi kupenta, mayi amasunga ndalama. Ine ndimajambula mapulani pakompyuta, ntchito imene bambo amaitcha "kukhala pansi".

Mayi wina wa ana amapasa anatipatsa ntchito yopanga zitsulo zotchingira khonde la m'mwamba. Ndinajambula maluwa opindikapindika, mipata yonse yosapitirira mamilimita 100, poti m'mayiko ambiri malamulo a zomangamanga amatero kuti mutu wa mwana usadutse. Bambo anangoliyang'ana kamodzi pepalalo, n'kulipsinja ndi hamala. Iwo chitsulo amapinda ndi diso. Duwa lapakati linatuluka lokongola ndithu, sindikana, koma linali yasa!

"Bambo, apatu mwana adutsa."

"Pamenepo? Ndi mphaka yemwe sangadutse. Ntchitoyi ndinaiyamba iwe usanabadwe."

Tepi inali m'thumba mwangamu, koma mkangano wa pachibale sudikira tepi. Ndinagwada n'kulowetsa mutu paduwapo. Unalowa bwinobwino. "Mwaonatu!" ndinakuwa ndili tsidya linalo, mtima uli mbee.

Ndiye ndinati ndibwerere. Abale, makutu a munthu polowa amagona, potuluka amaimirira.

Achimwene anathamangira galayinda. Ndinaimva ikulira kumbuyo kwanga, ndipo ndikudziwa kuti kambale kake kamazungulira pafupifupi maulendo 11,000 pa mphindi. Mayi anakuwa kuti azimitse. Bambo nawo anakana, ine n'kumati chikondi cha kholo, koma ayi: penti inali itangouma kumene, ndipo ati chitsulo cha mamilimita 12 ukachidula n'kuchilumikizanso, chipsera chimaoneka. Mayi anabwera ndi gilizi, n'kundipaka makutu onse awiri mpaka m'khosi. Achimwene anathandizapo pondijambula pafoni.

Nthawi yomweyo mwini katundu uja anatulukira. Anandipeza chogwada, makutu ali noninoni, duwa lili m'khosi.

Bambo sanaphethire n'komwe. "Takulandirani, mayi. Ife katundu timayamba tamuyesa tisanapereke."

Mayiyo anayang'ana ine, n'kuyang'ana bambo. "Ndiye mukuti ngakhale mutu wa munthu wamkulu ukulowa?"

Pamalo ponse panangoti zii, kupatula achimwene amene anathawira kuseri kukaseka.

Anandipulumutsa ndi jeki ya galimoto. Anaipanikiza pakati pa zitsulozo n'kumapukusa pang'onopang'ono, bambo akubuula ngati ikukanula nthiti zawo, mpaka khutu lamanzere linadutsa, lamanja n'kutsatira.

Usiku womwewo anapinda duwa lina, pepala langa lili pambali, tepi ili m'manja. Ukawafunsa amati analisintha chifukwa jeki inaliwononga. Za mpata uja amakanabe, ati unali bwinobwino, kungoti mwana wawo ali ndi mutu waung'ono.