Kangachepe kolembedwa pa bilu: masiku anayi pa sitima ya ku Durban

Ine ndinakulira ku Chibavi mu Mzuzu, ndipo sitima imene ndinkaidziwa ndi Ilala basi. Tili ana amayi ankatitenga kutsetsereka ku Nkhata Bay kukachingamira azakhali ochokera ku Likoma, ndiye tinkaima padoko n'kumaonerera anthu akutsitsa matumba a usipa, mabedi, njinga, mbuzi ndi nkhuku zomwe. Sitimayi anaipangira ku Scotland, n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira mu 1951. Malamulo ake ndi osavuta: walipira tikiti, wakwera. Njala ikakupweteka, umatulutsa ndalama m'chitenje n'kugula nsima. Nzeru imeneyi ndi imene ndinapita nayo ku Durban, ndipo ndi imene inandigwetsa m'mbuna.

Nkhani inayamba ndi foni ya achemwali anga amene amakhala ku Johannesburg. Iwo ndi alamu ankakwanitsa zaka 25 ali m'banja, ndiye anaganiza zokasangalala pa sitima zikuluzikulu zija zimanyamuka ku Durban kupita kugombe la Mozambique nyengo yotentha, kuyambira cha mu November mpaka cha mu March kapena April.

"Iwe ubwere ndi mwanayo, wamaliza Fomu 4, aoneko kunja. Matikiti tilipira ife. Iwe ungokonza za m'sitimamo."

"Za m'sitimamo ndi ziti, achemwali? Si mwati chakudya ndi chaulere?"

"Tizing'onozing'ono basi."

Mawu akuti tizing'onozing'ono amenewa ndidzawakumbukira mpaka kalekale.

Tinanyamuka mu February 2024, patangotha miyezi itatu kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Aliyense amene anasakako ndalama zakunja nthawi imeneyo akudziwa thukuta lake. Ndinapeza timarandi tochepa, n'kutikulunga bwinobwino, mtima uli m'malo kuti tikwana. Basi mpaka ku Lilongwe, ina ya ku Joni kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, miyendo kuchita kutupa. Kuchoka ku Johannesburg tinatsika pa galimoto ya alamu mumsewu wa N3, makilomita oposa 550. Za ulendo wa pamtundawu ndisakutayitseni nazo nthawi, ambiri mwa inu mwauyendapo.

Tili m'galimotomo ndi pamene alamu anandimasulira za mitengo, chifukwa ndinawafunsa kuti bwanji ndalama imene analipira ikusiyana ndi imene ndinaiona pa chithunzi cha malonda chimene achemwali ananditumizira. Anaseka. Mtengo umene amauika m'zilembo zikuluzikulu ndi wa munthu mmodzi, m'chipinda chotsikitsitsa, komanso mukagona awiri. Ukafuna kugona wekha amakulipiritsa pafupifupi kawiri, chifukwa bedi linalo likhala lopanda mwini. Pamwamba pake pamabwera ndalama za madoko ndi misonkho. Ndipo chipinda chomwechomwecho chimasintha mtengo malinga ndi mwezi: mu December, ana a sukulu ali pa holide, chimakwera, mu February chimatsikako, n'chifukwa chake iwo anasankha mwezi umenewu ngakhale tsiku lenileni la ukwati wawo linali litadutsa kale. Zikufanana ndi tomato wa mumsika wa Mzuzu, amene mulu wake umachepa kapena kukula malinga ndi nyengo.

Zipinda zili mitundu inayi. Chamkati chopanda zenera, cha zenera losatsegula, cha kakhonde, kenako suite, chipinda chachikulu chodula kuposa zonse. Ine ndi mwana wanga anatipezera chamkati. Iwo eni chikondwerero anatenga suite.

Kusiyana kwake kunaonekera tisanakwere n'komwe. Padoko panali mzere wokhotakhota ngati wa mafuta pa filling station, anthu ndi zikwama zawo. Achemwali ndi alamu anangoonetsa pepala, munthu wovala yunifolomu n'kuwatengera khomo lina. Achemwali anacheuka, n'kundikweza dzanja mwamanyazi. Ife tinaima mpaka msana kuwawa. Titafika kutsogolo anatijambula nkhope, n'kutipatsa aliyense khadi lake. Khadi limeneli ndiye kiyi wa chipinda, ndiye chiphaso chotulukira ndi kulowera, ndiyenso chikwama cha ndalama. M'sitimamo simuyenda ndalama ya pamanja. Umasiya ndalama kapena kulembetsa khadi la kubanki poyamba, kenako chilichonse umangoonetsa kakhadi kaja. Amene anaganiza zimenezi ankaudziwa mtima wa munthu: ndalama imene sukuiwerenga ndi zala siipweteka potuluka.

Chipinda chathu chinali chaukhondo, timabedi tiwiri, bafa longokwana kutembenuka. Vuto linali mdima. Ukazimitsa nyale simudziwika kuti kunja kwacha kapena ayi. Ine amene kwathu ndimadzuka ndi tambala woyamba, chifunga chili tolo, tsiku loyambalo ndinadzuka 10 koloko ndikuganiza kuti udakali usiku. Mwana wanga anati ndi tulo tabwino kuposa tonse timene anagonapo.

Masana achemwali anatiitana kuti tikaone kwawo. Pabalaza pake ndi sofa, bafa losambira chogona, zipatso pambale, ndi khonde loti ukakhala umaona madzi okhaokha mpaka kumene maso alekezera. Analinso ndi wantchito wawowawo, amati butler, bambo waulemu wovala suti yakuda. Atangofika, bamboyo anapempha kuti awatulutsire zovala m'sutikesi n'kuzipachika. Achemwali anakana kwamtuwagalu.

"Mwamuna wa eni ake azindigwirira zovala zamkati? Ndalama zanga zomwe? Ayi, bambo, zikomo."

Za suite ndinaziona motere. Ambiri mwa maubwino amene amawatchulawo amapindulira munthu wa khalidwe linalake. Zakumwa zinali m'kati mwa mtengo wawo, koma alamu ndi mkulu wa mpingo, mowa salawa, achemwalinso chimodzimodzi. Ndiye kuti analipirira vinyo amene anamwa ndi azungu a chipinda choyandikana nacho. Anali ndi malo awoawo odyera, abata, koma ife a m'chipinda chamdima sitinkaloledwa kulowamo, choncho masiku atatu mwa anayiwo anabwera kudzadya nafe ku gulu. Chimene ndinasirira ndi ziwiri: khonde lija, ndi kusaima pamzere. Pa ulendo wa masiku anayi okha, pamene nthawi yambiri uli kunja kwa chipinda, ine ndikanatenga cha kakhonde wamba, yotsalayo n'kugulira malata. Koma zaka 25 za banja si masewera, ndipo achemwali atakhala pakhondepo m'mawa ndi kapu ya tiyi, miyendo atatambasula, ndinaona kuti nkhaniyi si ya masamu okha.

Tsono chakudya. Pamenepa mpamene ndinakhala nthawi yaitali, m'maganizo ndi m'thupi momwe. Pali buffet pamwamba, yotsegula pafupifupi tsiku lonse, pamene umadzitengera wekha. Tsiku loyamba ndinachita manyazi kubwereza, mpaka ndinaona mayi wina wa ku Soweto atasenza mbale ziwiri, ina ya nyama yokhayokha, akuyenda mwaufulu ngati kwawo. Basi manyazi anathera pomwepo. Madzulo kuli malo odyera aakulu, kumene amakupatsa tebulo lako ndi nthawi yako. Pali gulu loyamba ndi lachiwiri, ndipo ukachedwa kwambiri chitseko amatseka. Kumeneko chakudya chimabwera pang'onopang'ono, kambale ndi kambale. Kanyama kake kanali kangati bokosi la machesi, katakhala pakati pa mbale yaikulu ndi katsamba pamwamba. Ndinayang'ana alamu. Anandinong'oneza kuti ndikhoza kuitanitsa kawiri, palibe wondiletsa. Weta wathu anazindikira msanga, moti tsiku lachiwiri ankangobweretsa mbale ziwiri osafunsa.

Zonsezi zinalidi zaulere, kunena kuti zinali m'tikiti. Zimene sizinali m'tikiti ndi zimene zimakuzungulira uku ndi uku. Madzi a m'botolo, kulipira. Aulere ali pa makina a ku buffet, ndipo ndinadziwa mochedwa. Zoziziritsa kukhosi, kulipira. Khofi wabwino wa pa bala, kulipira, ndipo kunena zoona sankafika pa wathu wa kumapiri a Misuku. Malo odyera apadera a nyama yootcha kapena zakudya za ku Japan, kulipira. Intaneti, kulipira. Ojambula amakuima kutsogolo ukamalowa kodyera, n'kukuuza kuti umwetulire, mawa lake chithunzi chili pakhoma ndi mtengo wake. Ndipo pa chakumwa chilichonse amaikapo kaperesenti ka utumiki; makampani ambiri amaika pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Mwana wanga anapeza anzake a msinkhu wake tsiku loyamba lomwelo, n'kuphunzira kuti kakhadi kaja kamatulutsa chakumwa cha mtundu wa pinki chokhala ndi kaambulera pamwamba. Sindinamuuze kuti asiye, chifukwa inenso sindinkadziwa kuti kaambulera kamadya ndalama zingati.

Tsiku lachitatu tinaima pafupi ndi Portuguese Island, kachilumba ka mchenga kopanda midzi pafupi ndi Inhaca, kunja kwa Maputo. Sitima siifika kugombe. Amakutsitsirani m'timaboti, monga momwe Ilala imachitira ku Usisya kapena ku Ruarwe, ndiye pamenepa ine ndinali katswiri, azimayi ena akukuwa. Kumchengako anatiotchera nyama, ndipo ndinapeza chimene mimba yanga inkalira: pap, nsima ya ku Joni ija, youma pang'ono koma nsima ndithu. Ndinasamba m'manja, n'kusiya foloko pambali. Madzi ake ndinalowamo mpaka m'mawondo, mchere kuchita kuyabwa. Nyanja yathu ndi yabwino, anthu inu. Umasamba n'kumwa momwemo.

Usiku womaliza pepala linalowa pansi pa chitseko. Ndinalitola ndikuganiza kuti ndi ndondomeko ya mawa. Inali bilu, masamba awiri. Zakumwa za kaambulera zinali pamenepo mndandanda, chithunzi chimodzi chimene ndinagula, madzi. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi mzere wobwerezabwereza, tsiku lililonse, kawiri: wanga ndi wa mwana. Service charge. Ndinathamangira kwa achemwali ndi pepala m'manja.

"Achemwali, ichi n'chiyani? Sindinagule chinthu chotere ine."

"Ndi tipu imeneyo. Ya antchito."

"Tipu yochita kundilembera okha? Ndawauza kuti ndathokoza?"

Alamu anati ndi mmene zimakhalira pa sitima zambiri: amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo pa sitima za makampani a ku America imakhala cha m'madola 16 mpaka 20 patsiku, a mu suite n'kumalipira yoposerapo. Zinalembedwa m'mapepala a tikiti, m'tizilembo ting'onoting'ono timene palibe anandiwerengera. Makampani ena amaiphatikiza mu mtengo wa tikiti kuti usadzadzidzimuke, ena amaisiya panja kuti mtengo wa pa malonda uoneke wotsika.

Kwathu kuno kangachepe ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri. Mnyamata wakunyamulira thumba la chimanga kuchoka mu depoti, mwagwirizana mtengo, ndiye poona thukuta lake umawonjezera kena n'kunena kuti ugule fanta. Iye amalandira ndi manja awiri. Zikachita kulembedwa pa pepala usanaone n'komwe ntchito yake, imeneyo si kangachepe, ndi msonkho. Ndinatsika kupita ku ofesi yolandirira alendo mtima uli phuliphuli, ndipo ndinapeza mzere wa anthu ena atagwira mapepala ngati langa. Ndinaimapo pang'ono, n'kutopa, n'kubwerera.

M'khonde la zipinda ndinakumana ndi mnyamata amene ankatikonzera chipinda, akukankha kangolo ka matawulo, nthawi itapitirira 10 koloko usiku. Anali wa ku Indonesia. Masiku onsewo ankatipindira thawulo kukhala kanjovu kapena kagalu n'kukasiya pabedi, mwana wanga n'kumajambula. Ndinamufunsa, m'Chingerezi changa cha ku Katoto, ngati ndalama ya pa pepalayo imafikadi kwa iye. Anati imagawidwa: okonza zipinda, maweta, otsuka mbale, ochapa zovala kunsi kumene alendo safikako. Anati ali pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi itatu, alibe tsiku lopuma lathunthu, ndipo anatulutsa foni kundionetsa khanda limene linabadwa iye ali panyanja. Ndinaganiza za achimwene athu onse amene ali ku Joni, amene ana awo amawadziwira pa WhatsApp.

Ku ofesi kuja sindinabwerereko. Maganizo anga sanasinthe: ngati ndalamayo ndi malipiro a anthu, kampani iike m'tikiti, munthu adziwiretu ali kwawo, m'malo moti mlendo ndi wantchito aziyang'anizana m'khonde usiku ngati wina wabera mnzake. Koma kuichotsa kukanakhala kulanda m'kamwa mwa khanda lija, osati mwa eni sitima. M'mawa mwake ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa mapaketi awiri a khofi wa Mzuzu amene ndinasungira apongozi a achemwali, ndi R100 imene inatsala yokhayokha. Ndinamupatsa ndi manja awiri. Ananunkhiza paketiyo, n'kunena kuti kwawonso amalima khofi, akayerekeza.

Timarandi tanga sitinafike ngakhale theka la biluyo. Yotsalayo analipira alamu ndi khadi lawo, osanena kanthu, koma achemwali sanandisiye.

"Iwe, imeneyi ndi ngongole. Tinagwirizana kuti za m'sitima ndi zako."

"Munati tizing'onozing'ono, achemwali."

"Kaambulera kanali kakang'ono, eya."

Akumanga nyumba ku Luwinga, ndiye tinapangana kuti ndizibweza ndi simenti, thumba limodzi mwezi ukatha, ine ndemwe n'kukasiya kwa amisiri pa kabaza. Mwana wanga ndi amene amalemba m'kope, poti zambiri anamwa ndi iye. Atsala matumba atatu.