Kachomera ka ku Beira kamene kamamwa madzi amchere

Amayi anga ali ndi dimba kuno ku Mchinji, ndipo m'dimbamo muli kachigawo kamene chilimwe chikafika pamayera ngati pawazidwa ufa. Tomato wa pamenepo amapsa m'mbali mwa masamba, kenako n'kufota, ngakhale umuthirire m'mawa ndi madzulo. Amayi amangoti, "Pali mchere pamenepo mwana wanga, pasiye."

Ine ndimayendetsa thiraki. Feteleza ndimakatenga ku doko la Beira, kudzera pa Dedza, Tete ndi Chimoio. Ulendo wapitawu katundu anachedwa masiku anayi, ndiye tsiku lina madzulo ndinawongola miyendo mpaka kufupi ndi pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere, kuli mitengo ya mangrove ija imaima m'matope. Mitengoyo ndinaizolowera kale. Chinandiimitsa ndi kachomera koyanga pansi m'mphepete mwake, pamalo pamene madzi a m'nyanja amafika n'kubwerera.

Ndinanjuta kuti ndikaone bwino. Tsinde lake ndi losalala, lofiirira, ndipo pa mfundo lagwira mizu monga imachitira mbatata. Masamba ndi aang'ono, osongoka, onenepa ngati tizala ta khanda, ndipo akhala awiriawiri moyang'anizana. Pakati pawo panali timaluwa tapinki ta nsonga zisanu, tosaposa chikhadabo changa. Ndinathyola tsamba limodzi, madzi n'kutulukamo. Nditaika pa lilime, mchere weniweni!

Usiku umenewo m'thiraki ndinafufuza pa foni. Dzina lake ndi Sesuvium portulacastrum, la m'banja la zomera lotchedwa Aizoaceae, ndipo analipereka ndi Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, mu 1759. Kamamera m'magombe a maiko otentha, ku Africa kuno, ku Asia, ku Australia ndi ku America.

Koma chimene chinandilanda tulo ndi funso la ku dimba kuja. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Nanga kachomeraka sikapsa bwanji?

Madzi amathamangira kumene kwachuluka mchere. N'chifukwa chake ukawaza mchere pa kabichi woduladula amatuluka madzi. Tomato wa amayi zimamuchitikira zomwezo: dothi likachuluka mchere, mizu imalephera kukoka madzi, moti amafa ndi ludzu pansi pali ponyowa. Kachomera ka ku Beira sikakana mcherewo. Kamaumwa, n'kukautsekera m'timatumba ta m'kati mwa maselo a masamba (tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga tsamba), kumene sungaononge ntchito ina. Zikatero tsamba limakoka madzi mwamphamvu kuposa matope aja, ndipo madzi amalowa. Kunenepa kwa masamba ndi madzi amenewo, osungidwa kuti asungunule mchere uja. Ndinadabwa kwambiri kuwerenga kuti pa mchere wapakatikati kamakula bwino kuposa pamene palibe mchere n'komwe. Kwa ine, amene ndinakula ndikudziwa kuti mchere umapha mbewu, zimenezi n'zazikulu.

Kamagwiranso mchenga kuti usakokoloke. Ku Philippines amakatcha dampalit, ndipo amakaviika mu viniga n'kudya.

Nditafika kunyumba ndinawapeza amayi pakhonde akusenda mtedza. Ndinawapatsa foni. Anaiyandikitsa kumaso, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ndiwo yake siifunanso mchere?"

"Imabwera nawo kale, amayi. Mwina mungachite kuuchepetsa."

"Nanga osabwera nayo mbewu bwanji, tiike poyera paja?"

Sindinabwere nayo dala. Chomera chamoyo sichiwoloka pachipata cha m'malire a dziko popanda zikalata, ndiponso chinthu choyanga chotere sindingachiponye m'dambo limene mudzi wonse umadyeramo. Koma maganizo awo sanaphonye. Akatswiri ena ayesapo kukabzala pa minda imene yaonongeka ndi mchere. Kakakula amakadula n'kukachotsa pamundapo, ndipo mchere umene kanamwa umachokera limodzi.

M'mawa mwake tinapita limodzi ku dimba. Ndinapala dothi loyera lija ndi chala n'kulawa, ndipo kukoma kwake kunandikumbutsa tsamba lija la ku Pungwe. Amayi anandionetsa ngalande imene inatsekeka zaka ziwiri zapitazo, imene inkatulutsa madzi pamalopo mvula ikagwa. Madzi akamangoima n'kuuma ndi dzuwa, mchere umatsala pamwamba. Ndinatenga khasu, ndipo pofika masana tinali titaitsegula mpaka kumtsinje.